Malonda apambali kwa munthu wapantchito: m'dzina lake, kampani kapena kopaletivi?

Mwezi ukafika pakati, malipiro a anthu ambiri ogwira ntchito m'chigawo cha Tete amakhala atatha kale. N'chifukwa chake ambiri amayamba kageni kapambali. Mphunzitsi wa ku Ulóngwe amagula chigayo. Namwino wa ku Furancungo amatsegula banca ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize amagula chapa n'kuipereka kwa mlamu wake kuti aziyendetsa, pomwe ena amapikula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete.

Malondawo akayamba kuyenda, pamabwera funso lakuti alembetsedwe bwanji kuboma. Ena amathamangira kutsegula kampani poti dzina lokhala ndi "Lda" kumapeto limamveka bwino. Ena salembetsa n'komwe, amati ndi kageni chabe. Njira zonse ziwirizi zingathe kumupweteka munthu wapantchito, chifukwa iye ali ndi zinthu ziwiri zomwe wamalonda wamba alibe. Ali ndi abwana omwe amamuyang'anira, ndipo ali ndi malipiro odziwika omwe wangongole angathe kuwalondola mwezi ndi mwezi. Choncho posankha njira yolembetsera, choyenera kuyang'ana ndi kukula kwa tsoka lomwe malondawo angabweretse, komanso chiwerengero cha anthu omwe aikamo ndalama.

Funso loyamba lili kuntchito

Munthu asanapite ku ofesi iliyonse yolembetsa malonda, ayenera kudziwa ngati ntchito yake ikumulola.

Kwa ogwira ntchito m'makampani ndi m'mabungwe omwe si aboma, lamulo lomwe likugwira ntchito ndi Lei do Trabalho, nambala 13/2023, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2024 m'malo mwa la 2007. Lamuloli sililetsa wantchito kukhala ndi malonda ake, koma limafuna kuti akhale wokhulupirika kwa omulemba ntchito. Sayenera kuchita malonda opikisana nawo, kaya m'dzina lake kaya m'dzina la wina, ndipo sayenera kugwiritsa ntchito malo, galimoto, makina kapena zipangizo za kuntchito pa zofuna zake popanda chilolezo. Makaniko wa pagalaja yemwe amakonza magalimoto a makasitomala a abwana ake kunyumba kwake Loweruka ndi Lamlungu akuika ntchito yake pachiswe, ngakhale atalembetsa kampani ndi mapepala onse. Palinso mapangano ena a ntchito omwe amanena mwachindunji kuti wantchito asagwire ntchito ina iliyonse yolipidwa. N'kofunika kuwerenganso pangano lomwe munthu anasaina tsiku lomwe ankalembedwa.

Kwa ogwira ntchito zaboma, monga aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, nkhaniyi ndi yolimbirapo. Lamulo lawo, lomwe limadziwika ndi dzina lakuti EGFAE, nambala 4/2022, limayambira pa mfundo yakuti wantchito waboma adzipereke ku ntchito yabomayo. Ntchito ina yolipidwa imafuna chilolezo cha akuluakulu chisanayambike chilichonse, ndipo siyenera kuchitika nthawi ya ntchito kapena kusokoneza chilungamo cha udindo wake. Palinso lamulo la Probidade Pública, lomwe linakhazikitsidwa koyamba mu 2012, loletsa wantchito waboma kugwiritsa ntchito udindo wake pokondera malonda ake kapena a abale ake. Mkulu wa sukulu yemwe banca yake ndi yomwe ikugulitsa choko ndi mapepala kusukulu yomweyo ali pamlandu, ngakhale mitengo yake itakhala yotsika.

Chilolezo cha pakamwa sichithandiza tsiku lomwe abwana asinthidwa. Chiyenera kukhala cholembedwa, ndipo mwini wake asunge kope lake kunyumba.

Njira yoyamba: malonda a m'dzina la munthu

Malamulo a zamalonda m'dziko lino ali mu Código Comercial yatsopano, Decreto-Lei nambala 1/2022, yomwe inalowa m'malo mwa ya 2005. Njira yapafupi kwambiri ndi yomwe imatchedwa empresário individual, kutanthauza munthu wochita malonda payekha m'dzina lake. Safunika kulemba malamulo a kampani kapena kuitanitsa misonkhano. Amagwiritsa ntchito chiphaso chake cha BI ndi nambala yake ya msonkho ya NUIT, amatenga chilolezo cha malondawo, n'kukadziwitsa a msonkho kuti wayamba. Ndalama zolembetsera n'zochepa, ndipo kusiya malondawo sikuvuta kwambiri.

Vuto lake lili pa ngongole. Lamulo limati chuma cha munthu wangongole, kupatula zochepa zomwe lamulolo limateteza, ndi chomwe chimabweza ngongole zake. Ngati munthu sanatsate njira ya lamulo yolekanitsira chuma cha malonda ndi cha pakhomo, wangongole sasiyanitsa katundu wa mubanca ndi njinga yamoto ya pakhomo. Kwa munthu wapantchito, khoti lingathe kulamula kuti gawo la malipiro ake, mpaka limodzi mwa magawo atatu, lizidulidwa kufikira ngongole itatha. Wolandira meticais 18,000 pamwezi akhoza kumatsala ndi 12,000 kwa miyezi yambiri chifukwa cha malonda omwe anagwa kale.

Nkhaniyi imakhudzanso banja. Malinga ndi Lei da Família ya 2019, anthu omwe akwatirana osasankha njira ina yoyendetsera chuma, zomwe apeza ali m'banja zimakhala za onse awiri, ndipo zimatero ngakhale kwa omwe akhala limodzi ngati banja kwa zaka zoposa zitatu popanda ukwati wolembetsa. Ngongole ya malonda a bambo ikhoza kufika pa katundu yemwe mayi anathandiza kugula. Ndi bwino kuti nkhani ya malonda ikambidwe m'nyumba isanafike ku ofesi.

Njira yachiwiri: kampani ya munthu mmodzi

Munthu yemwe akufuna mpanda pakati pa malonda ndi pakhomo akhoza kutsegula kampani yekha. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi sociedade por quotas unipessoal, ndipo dzina la kampaniyo limathera ndi mawu akuti "Sociedade Unipessoal, Limitada". Pamaso pa lamulo, kampani ndi munthu wina wapadera. Imakhala ndi NUIT yakeyake, akaunti yakeyake kubanki, katundu wake ndi ngongole zake. Malonda akagwa, mwini wake amataya zomwe anaikamo, koma malipiro ake a kuntchito ndi nyumba yake zimakhala kunja kwa mlanduwo.

Lamulo silinaike ndalama yochepetsetsa ya mpamba wa kampani yotere. Mwini wake ndiye amanena kuti akuikamo zingati, ndipo ayenera kuikadi zomwe walemba.

Mpanda umenewu uli ndi mtengo wake. Pamafunika kusungitsa dzina, kulemba malamulo a kampani omwe amatchedwa estatutos, kulembetsa ku Conservatória do Registo das Entidades Legais ndi kulengeza mu Boletim da República. Kenako pamabwera ntchito ya chaka ndi chaka: kusunga mabuku a ndalama, kutseka maakaunti ndi kupereka mapepala a msonkho pa nthawi yake. Ambiri amalemba contabilista, katswiri wowerengera ndalama, yemwe amalipidwa ngakhale mwezi womwe malonda sanayende. Kampani yomwe mwini wake wangoisiya osaitseka mwalamulo siimafa yokha. Udindo wake kwa a msonkho umapitirira, ndipo zindapusa zimaunjikana mwini wake ali kalikiliki ndi ntchito ina.

Ubwino wina wa kampani kwa munthu wapantchito ndi wakuti mwini wake ndi woyendetsa wake akhoza kukhala anthu awiri osiyana. Lamulo limalola kusankha administrador yemwe si mwini kampani. Mwini wake amakhala kuntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, wina n'kumasaina ndi kuyang'anira za tsiku ndi tsiku, malire a mphamvu zake atalembedwa.

Njira yachitatu: kampani ya anthu awiri kapena kuposerapo

Malonda ambiri apambali amayamba ndi anthu awiri: wapantchito amaika ndalama, m'bale wake amaika manja ndi nthawi. Poyamba zonse zimakoma. Mkangano umayamba phindu likaoneka, kapena likasowa. Woika ndalama amati chigayo n'changa poti ndinagula ndine. Wokhala pachigayo amati popanda ine chikanakhala chitsulo chabe.

Apa ndi pomwe sociedade por quotas, kampani yomwe anthu amangoitcha Lda, imathandiza. Aliyense amakhala ndi gawo lake lolembedwa, lotchedwa quota. Ngati mpamba ndi meticais 200,000, wina n'kuika 120,000 ndipo mnzake 80,000, magawo awo ndi 60 ndi 40 pa 100 iliyonse, ndipo mphamvu ya voti ndi kagawidwe ka phindu kawirikawiri zimatsata magawo omwewo. Wokhala pachigayo tsiku lonse akhoza kumalandiranso malipiro ake apadera, kuti thukuta lake lisasokonezedwe ndi gawo lake la umwini.

Malamulo a kampani ndi malo oyankhira mafunso omwe abale amachita nawo manyazi kufunsana. Ndani akusaina kubanki, mmodzi kapena onse awiri? Wina akafuna kutuluka, gawo lake agulitsa kwa yani ndipo mtengo wake udziwika bwanji? Wina akamwalira, ana ake alowa m'malo mwake kapena apatsidwa ndalama? Nanga wapantchitoyo akasamutsidwa kupita ku Zumbo kapena ku Mutarara? Kugawana theka ndi theka kumaoneka kwachilungamo, koma awiriwo akasemphana palibe womaliza nkhani, choncho njira yothetsera kusamvana iyenera kulembedwa akadali kumvana.

Kopaletivi ndi mitundu ina

Pamene anthu ambiri akufuna kuchita chinthu chimodzi mothandizana, monga kugula feteleza pamodzi kapena kusonkhanitsa soya ndi nyemba kuti agulitse pa mtengo wabwino, kopaletivi ndiyo imayenera. Lamulo la makopaletivi, nambala 23/2009, limafuna anthu osachepera asanu, ndipo kawirikawiri membala aliyense ali ndi voti imodzi posayang'ana kuchuluka kwa ndalama zomwe anaika. Izi n'zabwino kwa alimi ofanana mphamvu. Koma munthu wapantchito yemwe waika ndalama zambiri kuposa anzake n'kumayembekeza kulamula adzakhumudwa, chifukwa kawirikawiri voti yake ndi yofanana ndi ya wina aliyense.

Código Comercial ilinso ndi sociedade anónima, yomwe ndi ya malonda akuluakulu, ndi mtundu watsopano wotchedwa sociedade por acções simplificada, womwe unabwera ndi lamulo la 2022 ndipo umapatsa eni ake ufulu wambiri wokonza malamulo awo. Mtundu watsopanowu ungathandize munthu yemwe akuyembekeza kudzalowetsa anthu ena oika ndalama mtsogolo. Kwa banca, chigayo kapena chapa imodzi, njira zitatu zoyamba zija n'zokwanira.

Nkhani ya msonkho

Ambiri amaganiza kuti poti abwana amawadula kale IRPS pa malipiro, ndiye kuti za msonkho zatha. Msonkho umenewo ndi wa malipiro okha. Ndalama za malonda apambali zili ndi msonkho wake, ndipo woyenera kukaulipira ku Autoridade Tributária ndi mwini malonda.

Kwa amalonda ang'onoang'ono kuli msonkho wosavuta wotchedwa ISPC, womwe unakhazikitsidwa mu 2009. Umalowa m'malo mwa IVA, IRPS ndi IRPC pa malondawo, ndipo ndi wa anthu komanso makampani ang'onoang'ono omwe zogulitsa zawo pachaka sizidutsa malire omwe lamulo linaika. Chofunika kumvetsa n'chakuti ISPC imawerengedwa pa ndalama zonse zomwe zalowa pogulitsa, osati pa phindu. Wogulitsa katundu wa meticais 600,000 pachaka, pa mtengo wa 3 pa 100 iliyonse, amalipira 18,000. Ngati phindu lake linali 150,000, msonkhowo ndi wopepuka. Koma wopikula chimanga yemwe phindu lake pa thumba n'lochepa, n'kungopeza 40,000 chaka chonse, msonkho womwewo umamudyera pafupifupi theka.

Kampani yomwe ili mu dongosolo la msonkho wamba imalipira IRPC ya 32 pa 100 iliyonse ya phindu, ndipo mwini wake akatenga phindulo kupita nalo kunyumba amadulidwanso 20 pa 100. Pa phindu la meticais 100,000, kampani imalipira 32,000 n'kutsala 68,000. Pogawa amadulapo 13,600, ndipo m'thumba mumalowa 54,400. Ubwino wa dongosolo limeneli ndi wakuti zowonongera zonse zomwe zili ndi mapepala, monga dizilo, malipiro a antchito ndi kukonzetsa makina, zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Ndi dongosolonso lomwe limayenda ndi IVA, yomwe ili pa 16 pa 100 kuyambira mu 2023. Munthu yemwe akufuna kugulitsa kwa makampani akuluakulu a ku Moatize kapena ku Songo ayenera kudziwa kuti amenewo amafuna mafakitura ovomerezeka ndi umboni wakuti wogulitsayo alibe ngongole ya msonkho.

Malire ndi mitengo ya ISPC amasinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo, choncho masamu onse ayenera kuchitidwa ndi mitengo ya chaka chomwe munthu akulembetsa, yomwe imapezeka ku ofesi ya msonkho.

Malonda akalemba wantchito, ngakhale mmodzi, pamabwera INSS. Ndalama yake ndi 7 pa 100 iliyonse ya malipiro: olemba ntchito amapereka 4, wantchito 3. Udindo umenewu ulipo kaya malonda ali m'dzina la munthu kaya ndi kampani.

Pomwe mpanda wa kampani suteteza

Pali zinthu zinayi zomwe zimagwetsa chitetezo chomwe anthu amachiyembekeza.

Choyamba ndi ngongole ya pamalipiro. Antchito ambiri, makamaka aboma, amayamba malonda ndi ngongole ya kubanki yomwe imadulidwa malipiro asanafike m'manja. Ngongole imeneyo ndi ya munthuyo, si ya kampani. Chigayo chikawonongeka mwezi wachitatu, banki ipitiriza kudula mpaka zaka zomwe anagwirizana zithe.

Chachiwiri ndi aval. Banki ikamabwereketsa kampani yaing'ono, nthawi zambiri imafuna kuti mwini wake asaine kuti adzabweza yekha kampani ikalephera. Akasaina, watsegula yekha chipata cha mpanda uja pa ngongole imeneyo.

Chachitatu ndi kusakaniza ndalama. Ngati makasitomala amalipira pa nambala ya M-Pesa kapena e-Mola yomwe mwini wake amaguliranso ndiwo ndi kulipirira ana sukulu, palibe angadziwe kuti za kampani ndi ziti. Lamulo limalola khoti kunyalanyaza kampani n'kufika kwa mwini wake ngati kampaniyo yagwiritsidwa ntchito mwachinyengo kapena chuma chake chasakanizidwa ndi cha pakhomo. Nambala yapadera ya foni, akaunti yapadera ndi kabuku kolembamo tsiku ndi tsiku n'zofunika ngakhale kwa yemwe akuchita malonda m'dzina lake.

Chachinayi ndi kulembetsa m'dzina la wina. Pofuna kuzemba abwana, ena amalembetsa malonda m'dzina la mkazi wawo, mng'ono wawo kapena msuweni. Pamaso pa lamulo, mwini wake ndi yemwe walembedwayo. Akafuna kugulitsa agulitsa, akakhala ndi ngongole zake katunduyo agwidwa, ndipo akamwalira chuma chimapita kwa olowa m'malo ake. Kwa wantchito waboma, njirayi sithetsanso mlandu wa kukondera, poti lamulo la Probidade Pública limayang'ananso malonda a abale.

Kusankha kwake

Zitsanzo zitatu za poyamba zija zikuonetsa momwe mfundozi zimagwirira ntchito.

Namwino wa banca amagula katundu ndi ndalama zomwe ali nazo, satenga ngongole, ndipo choipa chachikulu chomwe chingachitike ndi kutaya katundu wa m'mashelefu. Akapeza chilolezo cha kuntchito, kulembetsa m'dzina lake ndi kulipira ISPC n'kokwanira. Kampani ingamudyere ndalama zambiri kuposa zomwe ikuteteza.

Mwini chapa ali ndi nkhani ina. Galimoto yonyamula anthu ikachita ngozi, mlandu sukhala wa dalaivala yekha, umafikanso kwa mwini wake, ndipo chipukuta misozi chikhoza kuposa mtengo wa galimotoyo. Inshuwalansi yolipirira anthu ovulazidwa ndi galimoto ndi yokakamizidwa ndi lamulo, ndipo ndiyo chitetezo choyamba. Pamwamba pake, kampani ya munthu mmodzi ndi pangano lolembedwa ndi mlamu woyendetsayo n'zoyenera ndalama zake.

Mphunzitsi wa chigayo, ngati wasonkherana ndi mchimwene wake, afunika magawo olembedwa. Chomwe chingagwetse malonda awo msanga ndi mkangano wa pachibale, ndipo Lda ndi yomwe imaika chilichonse poyera.

Kusankha kumeneku si kwa muyaya. Munthu akhoza kuyamba m'dzina lake chaka choyamba, n'kudzatsegula kampani malonda akakula, akayamba kulemba antchito, kutenga katundu pa ngongole kapena kulowetsa mnzake. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: wofuna kugwira ntchito ndi malonda nthawi imodzi ayenera kudziwa nthambi yomwe ikumunyamula, ndipo kwa ambiri nthambiyo ikadali malipiro a pamwezi.

Kolembetsa

Mumzinda wa Tete, ntchito zambiri zolembetsa malonda zimachitikira ku Balcão de Atendimento Único, komwe anthu amakutcha BAÚ. M'maboma monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, poyambira ndi ku ofesi ya SDAE, yomwe imayang'anira za malonda ndi ulimi, ndipo okhala m'tauni ya Ulóngwe afunikanso kufika ku khonsolo ya tauniyo. Malonda ang'onoang'ono omwe saopseza umoyo wa anthu kapena chilengedwe ali ndi njira yachidule yopezera chilolezo, pomwe ena amafuna alvará ndi kuyenderedwa. Bungwe la boma la IPEME limapereka uphungu kwa amalonda ang'onoang'ono ndi apakati.

Popita kumeneko munthu atenge BI, NUIT, chilolezo cholembedwa cha kuntchito ngati ntchito yake imachifuna, ndi pepala lomwe walembapo ndalama zomwe akuyembekeza kugulitsa pachaka, anthu omwe aikamo ndalama ndi omwe adzalembedwe ntchito. Mayankho a mafunso amenewa ndi omwe adzasonyeze njira yomuyenera.